Nkhokwe ya Dziko ndi Luso Loyesa Ngati Chochita Chikuchokeradi pa Vuto

Nkhani ya lero pa wailesi ino ikukhudza luso lomwe munthu aliyense wokhala ndi udindo amaligwiritsa ntchito, kaya ndi mfumu pabwalo la milandu, komiti ya sukulu, kalabu ya alimi kapena nduna ya boma, ngakhale kuti ndi ochepa amene anakhalapo pansi n'kuliphunzira mwadongosolo. Lusoli ndi loyesa ngati chinthu chomwe wina wanena kuti chichitike chikuchokeradi pa vuto lomwe lafotokozedwa, kapena changolumikizidwa nalo chifukwa chakuti zonse ziwiri zatuluka m'kamwa mwa munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Pamsonkhano uliwonse pamakhala zinthu ziwiri zomwe anthu amazimva ngati chinthu chimodzi. Choyamba ndi kufotokoza momwe zinthu zilili, monga kunena kuti mlatho wakokoloka, ana akulephera mayeso kapena ngongole yakula, ndipo chachiwiri ndi chochita, chomwe ndi njira imene wolankhulayo akufuna kuti anthu atsate. Vuto likafotokozedwa mwaluso, omvera n'kuvomereza kuti ndi loona, mitima yawo imafewa, moti chochita chomwe chabwera pambuyo pake amachilandira ngati kuti nacho chatsimikizika, chonsecho palibe yemwe wasonyeza kuti chachiwiricho chikuchokera pa choyamba.

Phunziro la kaganizidwe kolongosoka, lomwe m'masukulu a ukachenjede limatchedwa lojiki, limasiyanitsa maziko ndi chigamulo. Maziko ndi mfundo zomwe munthu wayambira, zomwe akuti ndi zoona, pomwe chigamulo ndi mfundo yomwe wafikapo atatsamira pa mazikowo, ndipo chigamulo chimanenedwa kuti chachokera pa maziko ngati munthu sangathe kuvomereza mazikowo n'kukana chigamulocho popanda kudzitsutsa yekha. Aristotle, katswiri wa ku Greece yemwe anakhala ndi moyo zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, anaona kuti pali kaganizidwe kena komwe mathero ake si mfundo yongokhulupirira koma ntchito yoti igwiridwe, ndiponso kuti kaganizidwe kotere kamafuna zinthu ziwiri, zomwe ndi cholinga chimene munthu akufuna ndi chidziwitso cha njira yofikira cholingacho. Patadutsa zaka mazanamazana, David Hume wa ku Scotland, m'buku lake lotchedwa A Treatise of Human Nature, lomwe gawo lake lachitatu linatuluka mu 1740, anadandaula kuti olemba ambiri amayamba ndi kufotokoza momwe zinthu zilili, kenaka mwadzidzidzi n'kuyamba kunena zomwe ziyenera kuchitika, osafotokoza konse chomwe chawafikitsa pamenepo.

Chomwe chimadzaza mpata umenewu ndi ganizo lobisika, kutanthauza mfundo yomwe wolankhula sanaitchule koma yomwe iyenera kukhala yoona kuti chochita chake chikhale chanzeru. Munthu akanena kuti ana akulephera mayeso ndiye aphunzitsi asamutsidwe, watsamira pa ganizo lakuti gwero la kulepherako ndi aphunzitsiwo, osati kuchuluka kwa ana m'kalasi, njala kapena kusowa kwa mabuku. Ganizo limenelo likhoza kukhala loona, likhozanso kukhala labodza, koma kuipa kwa zotsatira za mayeso pakokha sikungalitsimikize. Ntchito yaikulu ya munthu woyesa chochita ndi kutulutsa ganizo lobisikalo poyera kuti onse alione ndi kulifunsa mafunso, ndipo m'mbiri ya Malawi mulibe chitsanzo chosonyeza kufunika kwa ntchito imeneyi momveka bwino, ndiponso momvetsa chisoni, kuposa kugulitsidwa kwa chimanga cha m'nkhokwe ya dziko m'zaka za 2000 ndi 2001.

Nkhokwe ya dziko ndi chimanga chomwe boma limasunga kuti chidzathandize pa nthawi ya njala kapena ngozi, ndipo kuno ku Malawi inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pomwe kunamangidwa nkhokwe zikuluzikulu za ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, zotha kusunga matani 180,000. Kwa zaka zambiri chimangachi chinkayang'aniridwa ndi ADMARC, mpaka mu 1999 pomwe kunakhazikitsidwa bungwe la National Food Reserve Agency, lomwe ambiri amangolitcha NFRA. Bungwe latsopanoli silinapatsidwe ndalama zokwanira zoyambira ntchito, motero linakongola kubanki, pa chiwongoladzanja choposa 50 peresenti pachaka, kuti ligule chimanga pafupifupi matani 167,000. Sipanatenge nthawi kuti ngongoleyo itupe. Kuwonjezera apo, chimanga chosungidwa chimadya ndalama tsiku ndi tsiku, chifukwa chimafuna mankhwala othana ndi anankafumbwe, alonda, magetsi ndi anthu ochitembenuza, komanso chikakhalitsa chimayamba kuwonongeka. Nthawi yomweyo dziko linali litakolola bwino zaka ziwiri zotsatizana, moti mu 2000 zokolola za chimanga zinafika pafupifupi matani 2.5 miliyoni ndipo mitengo inali pansi.

Umu ndi momwe zinthu zinalili, ndipo n'kofunika kuvomereza kuti zonsezi zinali zoona. Kafukufuku wina yemwe analipiridwa ndi European Union anapeza kuti nkhokwe ya matani a pakati pa 30,000 ndi 60,000 ikanakwanira, ndipo bungwe la IMF, pamodzi ndi mabungwe ena othandiza dziko lino, linalangiza boma kuti lichepetse chimangacho kufika pa matani 60,000 ndi kubweza ngongole ndi ndalama zogulitsira chotsalacho. Chomwe chinachitika n'chakuti chimanga pafupifupi chonse chinagulitsidwa, china n'kutumizidwa kunja, chambiri n'kugulidwa ndi amalonda a m'dziko momwemuno, kotero kuti chaka cha 2001 chisanathe nkhokwe za ku Kanengo zinali zitatsala pang'ono kuuma.

Poyesa nkhaniyi, chinthu choyamba kuona n'chakuti mawu akuti kugulitsa chimanga ankaphimba zochita zitatu zosiyana. Panali kugulitsa chimanga chakale n'kugula chatsopano m'malo mwake, komwe kumayankha vuto la kuwonongeka; panali kugulitsa gawo lina kuti ngongole ichepe, komwe kumayankha vuto la chiwongoladzanja; ndipo panali kugulitsa chonse, komwe sikuyankha vuto lililonse mwa mavuto omwe anatchulidwa popanda kupha cholinga chomwe nkhokweyo inakhazikitsidwira. Banja lomwe lili ndi ngongole ya katapila likhoza kutapa m'nkhokwe yake matumba angapo kuti liwombole khosi, ndipo palibe angalidzudzule, koma likasesa nkhokwe yonse mpaka pansi mvula isanagwe, ngongole yatha koma chifukwa chomangira nkhokwe chaiwalika. Apa pakuoneka mfundo yomwe imasowa kawirikawiri pa zokambirana za anthu: vuto likhoza kuloza mbali yomwe anthu ayenera kupita popanda kunena kutalika kwa ulendowo, ndipo aliyense wofuna kuti achite zochuluka kuposa zomwe vutolo likufuna ayenera kubweretsa zifukwa zina zapadera. Kukula kwa ngongole ya NFRA kunali chifukwa chokwanira chochepetsera nkhokwe, koma sikunali chifukwa chokwanira choithetsera.

Komabe ngakhale malangizo osunga matani 60,000, omwe akuoneka odekha poyerekeza ndi zomwe zinachitika, anali atakhazikika pa maganizo obisika omwe ankayenera kufunsidwa. Dziko lomwe pa nthawiyo linkadya chimanga choyandikira matani 2 miliyoni pachaka likanatha matani 60,000 m'masabata osakwana awiri ngati aliyense akudalira nkhokweyo, motero muyeso umenewu umamveka pokhapokha ngati nkhokweyo yaikidwa kuti ingogwiriziza anthu ovutikitsitsa kwa miyezi yochepa pomwe chimanga china chikubwera kuchokera kunja. Ganizo lobisika linali lakuti boma lidzadziwa msanga kuti kukubwera njala, lidzakhala ndi ndalama zakunja zogulira chimanga, lidzachipeza kwa oyandikana nalo, ndipo chidzafika m'nthawi yake. Malawi alibe doko lakelake. Katundu wolemera ngati chimanga amadzera ku Nacala kapena ku Beira m'dziko la Mozambique, apo ayi amayenda ulendo wautali wa pamsewu kuchokera ku South Africa kudutsa mu Zimbabwe ndi ku Tete, ndipo njira zonsezi zimavuta kwambiri m'nyengo ya dzinja, yomwe ndi nyengo yomweyo imene njala imafika pachimake. Boma litaitanitsa matani 150,000 mu 2001, chimangacho chinkalowa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, chifukwa njanji ndi malole zinali zochepa ndipo maiko oyandikana nawo, monga Zambia ndi Zimbabwe, ankalimbirananso chimanga chomwecho ndi njira zomwezo. Ganizo lakuti njala ya ku Malawi idzabwera pa nthawi yomwe anansi ake akhuta linali lofooka kuyambira pachiyambi, popeza nyengo yoipa siona malire a maiko.

Ganizo lina lija, lakuti boma lidzadziwa msanga, linagwa m'njira yomwe ikuphunzitsa kanthu kena kokhudza kaganizidwe. Mvula yochuluka ndi madzi osefukira a m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi mu 2001 zinaononga minda m'maboma ambiri, ndipo zokolola za chimanga zinatsika kufika pafupifupi matani 1.7 miliyoni, komwe ndi kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Izi zinadziwika. Koma ziwerengero za unduna wa zamalimidwe zinkasonyeza kuti chinangwa ndi mbatata zachuluka kwambiri moti zikanatseka mpata wonse womwe chimanga chinasiya, ndipo chifukwa cha ziwerengero zimenezi akuluakulu ambiri, a boma ndi a mabungwe akunja omwe, anafika pa chigamulo chakuti panalibe chifukwa chochitira changu. Pambuyo pake zinadziwika kuti ziwerengero za chinangwazo zinali zokokomeza. Akatswiri a lojiki amasiyanitsa kaganizidwe kolumikizana bwino ndi kaganizidwe kodalirika: koyambako ndi komwe chigamulo chimachokeradi pa maziko, pomwe kachiwiriko kamafunanso kuti mazikowo akhale oona. Munthu akhoza kuganiza mosaphonya ngakhale pang'ono koma n'kufika pa chigamulo cholakwika chifukwa chakuti anayambira pa nambala yabodza.

Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti ngakhale ziwerengero za chinangwazo zikanakhala zoona, chigamulo chakuti anthu sadzafa ndi njala sichikanachokerabe pa izo. Chinangwa chimalimidwa kwambiri m'mphepete mwa nyanja, m'maboma monga Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Karonga, komwe kondowole ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, pomwe njala inaluma kwambiri m'madera odalira chimanga a m'chigawo chapakati ndi chakumwera. Chinangwa chachiwisi chikazulidwa chimayamba kuda ndi kuwonongeka pakangopita masiku awiri kapena atatu, ndipo kulemera kwake kwakukulu ndi madzi, kotero kuti tani imodzi ya chinangwa chachiwisi siingafanane ndi tani imodzi ya chimanga chouma. Kuti chinangwa cha ku Nkhata Bay chipulumutse banja la ku Mchinji pankafunika wochiwumitsa, wochinyamula, msika wochigulitsirapo ndi ndalama m'thumba la banjalo. Chakudya chopezeka m'dziko ndi chakudya chopezeka m'mbale ya munthu ndi mfundo ziwiri zosiyana, ndipo kuchoka pa yoyamba kufika pa yachiwiri popanda kufotokoza za mayendedwe ndi mitengo ndi kulumpha komwe kwaphetsa anthu m'maiko ambiri.

Palinso nkhani ya nthawi. Chochita chimachokera pa momwe zinthu zilili pa nthawi inayake, ndipo zinthu zikasintha chigamulo chakale chimataya maziko ake ngakhale chitakhala kuti chinali cholondola tsiku lomwe chinapangidwa. Malangizo ochepetsa nkhokwe anabadwa m'nyengo ya zokolola zochuluka, koma kugulitsa kunapitirira ngakhale zizindikiro za zokolola zochepa zitayamba kuoneka, ngati kuti chigamulo chikangopangidwa chimakhala ndi moyo wakewake wosadaliranso zifukwa zomwe zinachibereka.

Mfundo yozama kuposa zonsezi ikukhudza zochita ziwiri zomwe chilichonse pachokha chimaoneka chanzeru koma zikaphatikizidwa zimagwetsana. M'nyengo za ulimi za 1998/99 ndi 1999/2000 boma linagawa Starter Pack, phukusi laulere la mbewu ndi feteleza wokwanira kachigawo kakang'ono ka munda, kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni, ndipo ndondomekoyi inathandizira pa zokolola zochuluka za zaka zimenezo. Chifukwa cha kukwera mtengo kwake, ndiponso maganizo akuti thandizo lizipita kwa osaukitsitsa okha, chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa mabanja 1.5 miliyoni mu 2000/01, kenaka 1 miliyoni m'nyengo yotsatira. Wochepetsa Starter Pack akanatha kunena kuti ngati zokolola zitatsika, nkhokwe ya dziko ilipo. Wochepetsa nkhokwe akanathanso kunena kuti zokolola za zaka ziwiri zapitazo zikusonyeza kuti dziko likudzidyetsa. Aliyense mwa awiriwa anali kutsamira pa chinthu chomwe mnzake anali kuchichotsa. Ichi ndi chifukwa chake kufotokoza momwe zinthu zilili sikuyenera kuthera pa zomwe zachitika kale, koma kuyenera kuphatikizapo zomwe maofesi ena akukonza kuchita m'nyengo yomweyo, ndipo chochita chomwe chayesedwa pachokha, ngati kuti china chilichonse chidzakhala momwe chinalili, sichinayesedwe mokwanira.

Zotsatira zake anthu ambiri omwe akumvera nkhaniyi anaziona ndi maso. Chimanga chomwe chinkagulidwa pafupifupi K4 pa kilogalamu nthawi yokolola mu 2001 chinafika pa K40 m'misika ina kumayambiriro kwa 2002, pomwe cha K17 cha ku ADMARC chinkapezeka mwa apo ndi apo. Amayi ankagona pamizere ya kumisika ya ADMARC ndi ana kumsana, atanyamula timatumba topanda kanthu, kudikira lole yomwe mwina siinkabwera, ndipo ikabwera munthu ankaloledwa kugula makilogalamu ochepa okha. Kumidzi anthu anadya madeya, mizu ya nthochi ndi zikhawo zakutchire, anagulitsa mbuzi, nkhuku, njinga ndi ziwiya pa mitengo yongotaya, ndipo ambiri anayamba kudya chimanga chachiwisi chisanakhwime, zomwe zinachepetsanso zokolola za chaka chotsatira. Mabungwe a mipingo ndi ena ogwira ntchito kumidzi, kuphatikizapo Save the Children yomwe inayeza ana m'maboma a Mchinji ndi Salima, anachenjeza chaka cha 2001 chisanathe, koma Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala pa 27 Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kumwalira.

Pano pakufunika kusamala, chifukwa woyesa chochita akhoza kugwa m'mbuna ina, yoweruza chigamulo potengera zotsatira zake zokha. Chigamulo chabwino chikhoza kutsatidwa ndi tsoka, ndipo chigamulo chopanda nzeru chikhoza kupulumuka mwamwayi. Mvula ya 2001 ikanagwa bwino, nkhokwe yopanda kanthu ikanadutsa osaonedwa ndi aliyense, koma kaganizidwe komwe kanaikhuthula kakanakhalabe kolakwika chimodzimodzi. Funso loyenera ndi lakuti kodi anthu omwe ankapanga chigamulocho akanatha kudziwa chiyani pa nthawiyo. Yankho lake ndi lowawa, chifukwa palibe ganizo lobisika ngakhale limodzi mwa omwe atchulidwawa lomwe linkafuna mneneri kuti lioneke. Njala ya 1949 inali isanachoke m'makumbukiro a akuluakulu, chilala cha 1992 chomwe chinakhudza chigawo chonse cha kumwera kwa Africa chinali chisanathe zaka khumi, ndipo kutalika kwa ulendo wochokera kumadoko kunkadziwika kwa wamalonda aliyense. Mkangano womwe unabuka pambuyo pake, boma likunena kuti linatsata malangizo a IMF pomwe IMF ikunena kuti inalangiza kuchepetsa osati kumaliza, komanso kafukufuku wa bungwe lothana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau wofuna kudziwa omwe anagula chimangacho, ndi nkhani zofunika pazokha. Zikukumbutsanso kuti chifukwa chomveka bwino chimatha kukhala chophimba cha zolinga zina, ndipo chochita chikapitirira muyeso womwe vuto likufuna, n'koyenera kufunsa kuti amene akupindula ndi gawo lopitiriralo ndani.

Njala ikadutsa, anthu amathamangira mbali inayo, ndipo kumeneko nakonso kuli zigamulo zosachokera pa maziko. Kuchokera pa mfundo yoona yakuti chimanga chotuluka m'dziko chinawonjezera mavuto a 2002, ena amafika pa chigamulo chakuti kugulitsa chimanga kunja kuziletsedwa chaka chilichonse. M'chaka cha njala chiletso chotere chili ndi chifukwa chomveka, ngakhale kuti malire a dziko lino ndi aatali ndipo njira zachidule n'zambiri. Koma m'chaka cha zokolola zochuluka chiletso chomwecho chimatsekera chimanga m'dziko, mitengo imagwa, mlimi amagulitsa thumba pa mtengo wosabweza ngakhale ndalama ya feteleza, ndipo chaka chotsatira amachepetsa munda wa chimanga, monga zinaonekera mu 2017 pomwe mitengo inagwa kwambiri boma lisanachotse chiletso chakumapeto kwa chakacho. Walira mvula walira matope, ndipo woyesa chochita ayenera kuwerengera matopewo asanavomereze, makamaka ngati matopewo akudzabweretsa vuto lomwelo lomwe chochitacho chimafuna kuthetsa.

Kuti zioneke momwe chochita chochokeradi pa vuto chimakhalira, n'kothandiza kuyang'ana ku London m'chaka cha 1854, komwe kolera anapha anthu oposa 600 m'dera la Soho m'masabata ochepa. Dokotala John Snow anafufuza komwe omwalirawo ankakhala ndi komwe ankatunga madzi, n'kupeza kuti ambiri ankamwa madzi a pamjigo wa mumsewu wa Broad Street, pomwe ogwira ntchito pakampani yofulula mowa ya pafupi pomwepo, omwe sankamwa madzi a pamjigowo, sanakhudzidwe. Anapempha akuluakulu a deralo kuti achotse chogwirira cha mjigowo, ndipo chinachotsedwa pa 8 Sepitembala. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti kolera amafala ndi mpweya woipa, ndipo mliriwo unali utayamba kale kuchepa, kotero umboni wa Snow sunali wotseka pakamwa aliyense. Koma chochita chake chinalunjika pa chinthu chenicheni chomwe umboni unkaloza, chinali chotsika mtengo, ndipo chikanapezeka cholakwika chogwirira chikanabwezeretsedwa tsiku lomwelo. Umboni wofunika kuti chochita chivomerezedwe umakula molingana ndi kukula kwa chiwonongeko chomwe chingakhalepo ngati ganizo lobisika litakhala labodza, ndiponso molingana ndi kuvuta kwa kubwerera m'mbuyo. Chimanga cha m'nkhokwe chikagulitsidwa n'kudyedwa kapena kuwoloka malire, sichingabwerere mpaka nyengo ina yokolola, ndipo pa chifukwa chimenechi kugulitsa kwake kunkafuna umboni wolimba kuposa womwe unaperekedwa.

Muyeso womwewu ungagwiritsidwe ntchito pa zomwe zinachitika mu Januwale 2023, pomwe boma linachedwetsa ndi masabata awiri kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700. Chochitachi chinali chobwezeka, ndipo mtengo wake, ngakhale unali weniweni kwa ana olemba mayeso, unali ndi malire. Ganizo lake lobisika linali lakuti mwana ali pa chiopsezo chachikulu kusukulu kusiyana ndi kunyumba, mfundo yomwe imadalira madzi ndi zimbudzi za pasukulu iliyonse poyerekeza ndi za m'makwalala momwe anawo amakhala, ndipo yankho lake silingakhale limodzi pa sukulu zonse. Masabata awiriwo anali ndi tanthauzo lenileni pokhapo pomwe anagwiritsidwa ntchito kuika madzi aukhondo, sopo ndi klorini m'sukulumo.

Ena angatsutse kuti mtsogoleri alibe nthawi yofufuza ganizo lililonse, ndipo kuti wodikira kutsimikiza zonse sachita kanthu mpaka nyumba itapsa. Kutsutsaku kuli ndi mphamvu, koma kukuphonya chomwe kuyesaku kumafuna. Sikufuna kuti zonse zitsimikizike, koma kuti wopereka chochita atchule zinthu zomwe ziyenera kukhala zoona kuti njira yake igwire, anene kuti ndani aziyang'anira ngati zinthuzo zikadali zoona, ndiponso anene chomwe chidzachitike zikapezeka kuti zasintha. Mafunso amenewa satenga mwezi. Nthawi zambiri amatha pamsonkhano womwewo. Chovuta chenicheni n'chakuti m'maofesi ndi m'makomiti ambiri munthu wofunsa mafunso otere amaoneka ngati wotsutsa kapena wopanda ulemu kwa akuluakulu, makamaka ngati chochitacho chachokera kwa bwana kapena kwa omwe abweretsa ndalama. Maganizo amenewa alibe maziko m'chikhalidwe cha kuno, chifukwa pabwalo la mfumu nduna zimafunsa wodandaula ndi woyankha mlandu mobwerezabwereza mfumu isanagamule, ndipo chindapusa chimayesedwa ndi kukula kwa cholakwa, kotero kuti wolakwira mnzake pa nkhuku salipitsidwa ng'ombe.

Kuchokera mu 2002 dziko lino lili ndi komiti ya MVAC, yomwe chaka chilichonse imaunika mabanja omwe angasowe chakudya, boma ndi boma, ndi miyezi yomwe angafunike thandizo. Ntchito imeneyi yalimbitsa mbali yoyamba, ya kufotokoza momwe zinthu zilili, koma siichotsa kufunika koyesa mbali yachiwiri. Lipoti likanena kuti mabanja akutiakuti a ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Balaka asowa chakudya kwa miyezi inayi, funso lakuti apatsidwe chimanga kapena ndalama silinayankhidwebe, chifukwa yankho lake limadalira mfundo ina yomwe chiwerengero cha anjala sichinena, yomwe ndi momwe misika ya m'deralo ilili. Komwe amalonda ali ndi chimanga ndipo misewu ikudutsika, ndalama zimafika msanga, zimapatsa banja ufulu wosankha ndipo siziononga mtengo wa alimi oyandikana nawo omwe ali ndi chogulitsa. Komwe msika wauma kapena milatho yakokoloka, ndalama zomwezo zimangokweza mtengo wa chimanga chochepa chomwe chilipo, n'kupweteka ngakhale mabanja omwe sanalembedwe m'kaundula wa olandira thandizo, ndipo kumeneko chofunika ndi malole onyamula matumba, omwe ayenera kunyamuka mvula isanatseke misewu.